Namulondola anandibweza pa Solvay, Matterhorn osaimaliza: kodi ndalama zanga zalowa m'madzi?

Kamtedza_Leeds
Abale ndi alongo, mtima ukundiwawa ndipo ndikufuna mundiuze zoona. Mwezi wa Ogasiti ndinapita ku Zermatt, ku Switzerland, kukakwera Matterhorn ndi namulondola. Ndalama zake ndinasunga ndikugwira mashifiti a usiku. Tinagona ku nyumba ya Hörnli, pa mamita 3,260, tinanyamuka kukadali mdima tochi ili pamphumi. Titafika pa kanyumba ka Solvay, pa mamita 4,003, mkulu uja anayang'ana wotchi n'kunena kuti tibwerere, akuti tatha maola atatu ndi theka ndiye tachedwa. Kunja kunali ngwee, mphepo kunalibe, mutu sunkandipweteka, miyendo inali ikadali ndi mphamvu. Malipiro a namulondola okha anapitirira patali ma franc 1,000, osawerengera ndege, malo ogona ndi zida zobwereka, ndipo sanandibwezere kanthu. Ine Sapitwa ndinakwera. Kilimanjaro ndinakwera, yomwe ndi mamita 5,895, pamene Matterhorn ndi 4,478 basi. Ndiye munthu andiuze kuti sindingathe? Amene mukudziwa za mapiri a kumeneko, kodi zimatere, kapena anangondiona nkhope n'kundiderera?

Chitedze77
Pepani achimwene. Kumeneko ndi kuba masanasana. Wolipira ndinu, nanga wotchi ikhale bwanji ya iye?

MayiAwiri_Joburg
Tithokoze kaye kuti mwabwera wamoyo. Zandalamazo tikambirana.

Mlendo_wa_Bern
A Kamtedza, pepani, ndikudziwa mmene zimapwetekera. Ndimakhala ku Switzerland kuno ndipo msana wa Hörnli, umene ndi njira yochokera ku nyumba ija kukafika pansonga, ndinaukwerapo ndi namulondola. Mundilole ndiime kumbali ya mkulu uja, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Kuchoka pa nyumba ya Hörnli kufika pansonga ndi mamita pafupifupi 1,200 okwera, ndipo mbali yaikulu simuyenda ndi miyendo yokha, manjanso amakhala ali pamwala. Anamulondola amafuna kufika pa Solvay m'maola awiri ndi theka, akachulutsa atatu. Nthawi imeneyi sanangoiika kuti azizunza anthu. Imawauza kuti kutsogoloku muyenda bwanji. Inu munatha maola atatu ndi theka pa mbali yosavutirapo, mphamvu zikadalipo. Pamwamba pa Solvay m'pamene pali ntchito. Mukangochoka pakanyumbapo mukumana ndi thanthwe loima lotchedwa Moseley, kenako mufika paphewa la phiri pamene mumanga ma crampon kunsapato, zitsulo za mano zija, chifukwa kuyambira pamenepo ndi mwala wosakanikirana ndi ayezi. Ndiye pali zingwe zokhazikika, zonenepa ngati mpini wa khasu, zimene mumadzikoka nazo ndi mikono, magolovesi ali m'manja, mpweya ukuchepa. Pamenepo anthu amphamvu amaima n'kumangopumira m'mwamba.

Ndipo pansonga sipothera ulendo. Kutsika Matterhorn kumatenga nthawi yofanana ndi kukwera, kwa ambiri kumaposa. Pa liwiro lanulo mukanafika pamwamba dzuwa litakwera, n'kumatsika masana mutatopa. Dzuwa likatentha, ayezi amene amagwira miyala amasungunuka, miyala imayamba kugubuduka, sinowo imafewa osagwiranso ma crampon, ndipo masana a chilimwe m'pamene mabingu amakonda kubwera. Pamsana paja palibe pobisala mphezi.

China chimene mwina simunachiganizire: chingwe chimene chinali pakati pa inu ndi iye chinali chachifupi, mamita ochepa chabe. M'malo ambiri mumayenda nonse awiri nthawi imodzi, osamangirira pamwala. Mukaterereka, iye ayenera kukugwirani pomwepo musanapite. Mukamuposa mphamvu mupita nonse. N'chifukwa chake paphiri limeneli namulondola mmodzi amatenga munthu mmodzi yekha. Poyang'ana wotchi paja ankawerengeranso moyo wake ndi wa ana ake.

Chitedze77
Zonsezo zamveka a Mlendo, koma ndalama? Ntchito sanaimalize.

Mlendo_wa_Bern
Anaimaliza. Anawafikitsa pansi ali bwinobwino. Palibe namulondola woona amene amagulitsa nsonga, amagulitsa tsiku lake ndi luso lake.

Kamtedza_Leeds
Ndikumva, koma ine ndinali ndisanatope. Akanandipatsa mpata wa ola limodzi lokha akanaona. Komanso kunyumba ya Hörnli kuja m'mawa sitinatuluke momasuka. Chitseko chimatsegulidwa pa nthawi yake, anamulondola a ku Zermatt komweko amatuluka poyamba, ena pambuyo. Ife tinali chakumbuyo, ndipo pa zingwe zoyambirira penipeni tinaima pamzere kudikira anzathu. Mphindi zimenezo anaziwerengera pa ine.

Phwezi
Apo ndiye mwanena nkhani. Kudikira pamzere si kuchedwa kwanu.

Mlendo_wa_Bern
Za mzerezo ndi zoona, ndondomeko yotulukira ndi imeneyo, ndipo anthu amadandaula nayo chaka ndi chaka. Koma pamzere paja simungataye ola lathunthu. Ndipo dzuwa silifunsa kuti nthawi munaitayira pati.

Mphunzitsi_Wopuma
Ana anga, ndiloleni nkhalamba ndiikepo mbiri, chifukwa phiri limeneli linaphunzitsa anthu za kutsika tsiku loyamba lenileni. Pa 14 Julaye 1865 anthu 7 anafika pansonga koyamba, kudzera msana womwewu wa Hörnli: Edward Whymper, Charles Hudson, Lord Francis Douglas, mnyamata Douglas Hadow, namulondola Michel Croz wa ku Chamonix, ndi anamulondola awiri a ku Zermatt, Peter Taugwalder ndi mwana wake, dzina lomwelo. Anakwera bwino. Potsika, Hadow, amene anali asanazolowere mapiri otere, anaterereka n'kugunda Croz, awiriwo anakoka Hudson ndi Douglas, chingwe chinaduka pakati pa Douglas ndi Taugwalder wamkulu. Anthu 4 anagwera kuphompho. Mtembo wa Douglas sunapezeke mpaka lero. Chingwe chodukacho chili m'nyumba yosungira zakale ku Zermatt. Croz anali katswiri pa anamulondola a nthawi yake, koma anafa chifukwa cha phazi la munthu amene iye Croz ankamuthandiza. Kuchokera chaka chimenecho anthu opitirira 500 afera paphiri limeneli. Namulondola aliyense wa kumeneko amakula akumva nkhaniyi, ndiye musadabwe akaumirira pa wotchi.

MayiAwiri_Joburg
Ine sindikutsutsa zobwerera. Koma sindikufuna kuti timusambe m'manja namulondolayo msanga choncho. Funso langa ndi ili: kodi anakuyesani asanakutengeni? Munthu wodziwa ntchito yake amafuna aone kaye mapazi anu pamwala. Ngati analandira ndalama zonsezo osakuonani mukukwera ngakhale tsiku limodzi, ndiye kulakwa kunachitika pansi, osati pa Solvay. A Kamtedza, tiuzeni.

Kamtedza_Leeds
Achemwali, ndinakumana naye koyamba madzulo ku nyumba ya Hörnli, pa chakudya. Ofesi imene ndinalembetsako inangondifunsa mapiri amene ndinakwerapo, ndinatchula. Anandiuza kuti ndizoloweretse thupi, ndiye ndinakwera Breithorn ndi gulu lina, mamita 4,164, popanda vuto lililonse.

MayiAwiri_Joburg
Mwaonatu. Ndi zimene ndimanena.

Mlendo_wa_Bern
Apa ndikugwirizana nanu mayi. Breithorn pa njira yake wamba ndi kuyenda pa sinowo kuchokera pa cable car ya Klein Matterhorn, kangolo koyenda m'mwamba pa chingwe, yomwe imakufikitsani kale pa mamita opitirira 3,800. Imathandiza magazi kuzolowera mpweya wochepa, koma siiuza munthu chilichonse za mmene mumagwirira mwala. Zoyesera zenizeni kumeneko ndi Riffelhorn, kaphiri ka mwala pafupi ndi Gornergrat, kapena phiri la Pollux, kapena kudutsa pamsana wa Breithorn mbali ya miyala ija. Ndipo zimakoma kuzikwera ndi namulondola yemweyo amene mudzapite naye ku Matterhorn, kuti adziwe mayendedwe anu, inunso muzolowere mmene amakokera chingwe ndi mawu ake. Ofesi imene inakulandirani pongomva Kilimanjaro sinakuchitireni chilungamo. Koma mkulu amene anakubwezani uja ndiye anakuuzani zoona, mochedwa.

WaLikhubula
Moni nonse. Ine ku Ulaya sindinapiteko, ntchito yanga ndi yotsogolera alendo m'phiri la Mulanje. Ndawerenga zonse ndipo ndikufuna ndiyankhulepo monga mnzake wa mkulu uja.

Palibe chinthu chovuta pa ntchito yathuyi kuposa kubweza munthu amene walipira. Mukachoka pa Chisepo kulowera ku Sapitwa, mlendo amaona kumwamba kuli mbee, ife timaona kamtambo kakuchokera mbali ya Mozambique n'kudziwa kuti chiperoni chikubwera. Chikafika, munthu ali pafupi simumuona, ndipo matanthwe aja akanyowa amaterera koopsa. Ukamuuza mlendo kuti bwana tibwerere amakwiya, ena amakunena kuti ndiwe waulesi, ena amati ukufuna ndalama yowonjezera. Umadziwanso kuti kangachepe ka pamwamba sakupatsa. Koma ine ndimayang'ana mapazi ake kuyambira tikunyamuka. Wotopa amayamba kukoka nsapato, amasiya kuyang'ana poponda, ukamufunsa amati ndili bwino. Mwini wake sadziwa kuti watopa, woona ndi wam'mbali.

Amene muli ndi zaka mukukumbuka mu 2009 mnyamata wa ku Brazil amene anasiya namulondola wake n'kupitirira yekha ku Sapitwa. Anamupeza patapita masabata, atamwalira ndi kuzizira. Ndipo Sapitwa ndi mamita 3,002, kopanda ayezi. A Kamtedza, kwiyani, ndi ufulu wanu, koma kwiyirani kunyumba kwanu muli ndi ana anu.

Phwezi
Bambo a ku Likhubula, mawu anu andikhudza. Inu mumagwira ntchito yaikulu pa malipiro ochepa.

Nabanda_Area25
Pepani ndilowerere. Ine zikundivuta kumvetsa. Kuno anthu akusowa ya feteleza, ana akubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndiye munthu atenge ndalama zoti n'kufolera nyumba akapereke kuti amukoke ndi chingwe paphiri? Mukafera kumeneko ovutika kubweretsa maliro ndi abale omwewo.

Kamtedza_Leeds
Mayi, kumudzi ndimatumiza mwezi ndi mwezi, ndipo ana a mlongo wanga ndikuwaphunzitsa ndine. Ichi ndi chinthu chimodzi chimene ndinadzisungira ndekha. Ndinakulira pansi pa phiri, mapiri ndimawakonda kuyambira ndili mwana.

MayiAwiri_Joburg
A Nabanda, musatero. Amene tili kunja kunonso ndife anthu, tili ndi zokhumba zathu. Munthu akagula galimoto yodula simunena kanthu.

Nabanda_Area25
Galimoto imanyamula odwala kupita nawo kuchipatala. Koma chabwino, ndamva. Za maliro zokhazo sindibweza.

NamwinoWaGeneva
Pa za maliro ndi ngozi a Nabanda ali ndi mfundo, tisaikankhire kumbali. Aliyense wopita kumapiri a kuno akhale ndi inshuwalansi yonena momveka kuti ikukhudza kukwera ndi chingwe pa mamita opitirira 4,000 komanso kupulumutsidwa ndi helikopita. Zambiri za apaulendo wamba zimakana zimenezi, werengani timalemba tating'ono tija. Ku Zermatt opulumutsa ndi a Air Zermatt, amadziwa ntchito, koma bilu imabwera.

Ndibwerere kwa a Kamtedza, pa mawu oti munali musanatope. Ndikukhulupirirani kuti ndi mmene munkamvera. Koma pa mamita 4,000 mpweya umene thupi limalandira ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kunyanja, ndipo chimodzi mwa zoyamba kufooka ndi kaganizidwe. Munthu amachedwa kusankha poponda, amachedwa kumanga mfundo, koma iye amadziona ngati akufulumira. Onjezanipo usiku wa m'nyumba ya m'phiri, pamene ambiri sagona tulo tenitenti, ndi kudya pang'ono mbandakucha. Matenda a pamwamba sikuti nthawi zonse amabwera ndi mutu ndi nseru. Nthawi zina chizindikiro chake ndi wotchi yomweyo.

Chitedze77
Nonse mwamuunjikira munthu mmodzi. Nanga funso lake lija loti mwina anamuderera chifukwa cha khungu, mwalilumpha bwanji? Tisamachite ngati sizichitika.

Mlendo_wa_Bern
Sindinalilumphe dala, a Chitedze. Zimachitika, ndakhala kuno ndaziona, ndipo m'nyumba za m'mapiri nthawi zambiri wakuda umakhala wekha, anthu n'kumakuyang'ana. Mumtima mwa mkulu uja sindingalowemo. Chimene ndinganene n'chakuti pa Solvay amabwezapo anthu nyengo iliyonse, Ajeremani, Angerezi, Aswisi eni ake, ndipo muyezo ndi womwewo. Akanawabweza atafika m'maola awiri ndikanakhala woyamba kukwiya.

Kamtedza_Leeds
Kunena chilungamo sanandilankhule mwachipongwe. Potsika anandisamala kwambiri, malo ena ankanditsitsa ndi chingwe iye atamangirira pa chitsulo. Chimene chinandiwawa n'chakuti za maola zija sanandiuze madzulo. Ndinazimvera pa Solvay pomwepo.

WaLikhubula
Apo analakwitsa. Mlendo umamuuza kukadali pansi kuti ikakwana nthawi yakuti tisanafike pakuti, tibwerera. Akavomera yekha, kumwamba simukangana.

Kadzidzi_Blantyre
Pepani ndasochera pang'ono, kodi phiri limeneli si lomwe lija la pa chokoleti cha Toblerone?

Phwezi
Lomwelo. Koma mu 2023 analengeza zolichotsa pa paketi, chifukwa china cha chokoleticho anayamba kupangira ku Slovakia, ndipo malamulo a Switzerland salola zizindikiro za dziko lawo pa katundu wosapangidwira kwawo.

Kadzidzi_Blantyre
Zikomo. Nanga ife a pasipoti ya Malawi timalowako bwanji?

NamwinoWaGeneva
Pamafunika viza ya Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, limene Switzerland ilimo. Chilolezo chokhalira ku UK sichikulowetsani, UK sili m'gulu limenelo. Ndipo Zermatt simulowa ndi galimoto, mumaisiya ku Täsch n'kukwera sitima.

Mphunzitsi_Wopuma
Tibwerere kuphiri. Pali chinanso chimene chikuumitsa anamulondola masiku ano, ndicho kutentha. Mapiri amenewa miyala yake yam'mwamba imagwirana chifukwa cha madzi oundana m'ming'alu chaka chonse. Akasungunuka, phiri limayamba kugumuka. M'chilimwe chotentha cha 2003 chigumukire chinachitika pamsana wa Hörnli womwewu, anthu ambiri anachita kuwachotsa ndi helikopita ndipo njira inatsekedwa kwa kanthawi. Mu 2022 ku Mont Blanc, meya wa Saint-Gervais anatseka nyumba za Goûter ndi Tête Rousse chifukwa miyala inkagwa mosalekeza pa njira. Ndiye amene anakwera zaka 30 zapitazo akamakuuzani kuti ife tinkatsika madzulo popanda vuto, dziwani kuti phiri lake silofanananso.

Koma ndisakuopsezeni kokha. Kunali namulondola wa ku Zermatt, Ulrich Inderbinen, amene anakwera Matterhorn maulendo mazanamazana, komaliza mu 1990 ali ndi zaka pafupifupi 90, ndipo anamwalira mu 2004 ali ndi zaka 103. Ankadziwika ndi kuyenda modekha koma osaimaima. Liwiro limene amafuna si lothamanga, ndi loti phazi lililonse ligwe pamalo pake kamodzi.

Mlendo_wa_Bern
Aphunzitsi mwalasa. Nthawi paphiri lija siitayika chifukwa cha mapapo okha. Imatayika pamene munthu waima kufunafuna pogwira, kuyesa phazi ili, kulibweza, kuyesa linalo. Mphindi imodzi apa, ina apo, pofika pa Solvay ola lapita. Kilimanjaro siphunzitsa zimenezi chifukwa njira zake wamba ndi zoyenda, ndipo kumeneko amakulimbikitsani kuyenda pang'onopang'ono. Mapiri awiriwa amafuna zinthu zosiyana.

Mnyamata_wa_Salford
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Inenso ndimalilota phiri limeneli koma ndangokwerako timapiri ta kuno. Ndiyambire pati kuti zisadzandichitikire?

Mlendo_wa_Bern
Muli pabwino, chifukwa UK ili ndi malo ophunzirira ndendende zimene zimafunika. Ku Wales kuli msana wa kumpoto wa Tryfan ndi Crib Goch, ku Scotland kuli Aonach Eagach ndi mapiri a Cuillin pa chilumba cha Skye. Pitani ndi mphunzitsi wovomerezeka poyamba. Muzikwera mutavala nsapato zolimba za m'mapiri zomwe mudzavale tsikulo, osati zofewa, chikwama chili kumsana. Ndipo phunzirani kutsika mutayang'ana kunja, mutafulatira thanthwe, chifukwa ambiri amaphunzira kukwera kokha. M'nyengo yozizira pitani ku Scotland mukazolowere ma crampon pamwala, amamveka mosiyana kwambiri ndi pa sinowo. Thupi lifike poti mutha kuyenda maola 10 mukukwera ndi kutsika osafooka.

Posankha namulondola, funsani ngati ali ndi chiphaso cha IFMGA, bungwe la padziko lonse la anamulondola a m'mapiri. Amenewo amaphunzira zaka zingapo, pamwala, pa ayezi ndi pa ski. Nyengo yabwino imakhala kuyambira Julaye mpaka chapakati pa Seputembala, koma sinowo ikagwa usiku umodzi phiri limatha kutsekeka masiku angapo, choncho musapite ndi tsiku limodzi lokha m'thumba.

MayiAwiri_Joburg
Ndipo mufunse za ndalama musanalipire, akulembereni. Kukaipa nyengo zikhala bwanji? Mukabwerera panjira zikhala bwanji? Alipo ena amene amakusinthirani phiri lina, koma muyenera kugwirizana kale.

Chitedze77
Ine ndikadali pomwepo. Theka akanabweza.

Phwezi
A Chitedze, namulondola akadziwa kuti akabweza munthu ataya theka la malipiro, mukuganiza kuti pa Solvay adzaganiza bwino? Adzakokera anthu otopa kumwamba kuti asaluze. Ine bola ndilipire yense, kuti akamayang'ana wotchi asamaganize za thumba lake.

WaLikhubula
Zimenezo zikanamveka kunonso. Alendo ena amati tikafika pa Sapitwa ndikuwonjezera, tikalephera ndikudula. Anyamata ongoyamba kumene ntchito amagwa nazo m'mayesero, amapitirira ndi chifunga.

Kamtedza_Leeds
Ku ofesi ija ndilembako kalata, chifukwa anayenera kundiuza za Riffelhorn ndi za maola ndisanalipire. A ku Salford, muli pafupi. Nyengo ikalola mwezi wamawa ndikufuna kupita ku Tryfan ndi mphunzitsi, tikagawana mtengo umatsika. Nsapato zolimba muli nazo?

Mnyamata_wa_Salford
Ndilibe achimwene, ndili ndi zofewa zoyendera. Ndibwereke kapena ndigule?

Mlendo_wa_Bern
Gulani, ndipo mukaziyese m'sitolo madzulo mapazi atatupa, mutavala masokosi amene mudzakwere nawo. Muwauze kuti mukufuna zolowa ma crampon. Helimeti ndi hanesi, malamba a m'chiuno omangirako chingwe, mutha kubwereka kwa mphunzitsiyo, koma nsapato zobwereka zimatulutsa matuza tsiku loyamba.